Mafunso ndi Mayankho: Kupalasa Njinga M'tinjira ta M'phiri

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za kupalasa njinga m'tinjira ta m'phiri, tija timatchedwa singletrack, topapatiza moti njinga ziwiri sizingapitirane popanda wina kuima. Kanjira kotere kamakhotakhota m'mitengo, kamadutsa pa mizu ndi pa miyala, ndipo nthawi zambiri mbali imodzi kumakhala chigwembe. Amene ayankha ndi okonza njinga komanso ophunzitsa kupalasa omwe amatithandiza pa tsamba lino.

Funso: Akonzi, ndikupita kukacheza m'tauni ina ya m'mphepete mwa phiri komwe kuli tinjira ta njinga tambirimbiri. Ine ndinazolowera misewu ya fumbi basi, ndipo njinga yanga ili ndi shoko kutsogolo kokha. Kodi ikwanira? Nanga ndiyambire kanjira kati?

Yankho: Ikwanira ndithu, ndipo kwa wophunzira ndi yabwino, chifukwa imakuuzani msanga mukasankha podutsa poipa. Chofunika n'chakuti ikhale ndi mabuleki a disiki ogwira bwino, matayala a mano akuluakulu otambalala mainchesi 2.3 mpaka 2.5, ndi giya yopepuka yokwerera chitunda. Njinga zambiri za masiku ano zimakhala ndi giya imodzi kutsogolo ya mano 30 kapena 32, ndipo yaikulu ya kumbuyo imafika mano 50 kapena kupitirira pang'ono. Ngati yanu ndi yakale, yaikulu ya kumbuyo n'kukhala ya mano 34 koma kutsogolo kuli kagiya ka mano 22, musadandaule. Kupepuka kwake n'chimodzimodzi.

Tinjira tambiri timakhala ndi zikwangwani zosonyeza kuvuta kwake. Ku America ndi ku Canada, chobiriwira chozungulira ndi kosavuta, chabuluu cha makona anayi ndi kwapakatikati, chakuda chooneka ngati dayamondi ndi kwa odziwa. Ku Britain amayambira kobiriwira, kenako kwa buluu, kofiira, n'kumalizira kwakuda. M'madera olankhula Chijeremani mupeza S0 mpaka S5. Yambani ndi kosavuta kwenikweni ngakhale mukudziona kuti muli ndi mphamvu, chifukwa zizindikirozi zimayerekeza tinjira ta dera limodzi lomwelo. Kabuluu ka phiri lina kangathe kukhala koopsa kuposa kakuda ka kwina. Pamapu musamangowerenga makilomita. Onani mamita amene mukwere. Ulendo wa makilomita 15 wokwera mamita 600 ungamudyere wophunzira maola atatu.

Funso: Ndimapopa matayala mpaka aume gwa kuti asaponche, koma njinga imadumphadumpha pa miyala ndipo tayala lakutsogolo limaterereka pa kona. Mnzanga anati ndichepetse mpweya. Nditatero chubu chinabooka malo awiri moyandikana. Ndimvere ziti?

Yankho: Mnzanuyo anakuuzani zoona, kungoti munachepetsa mopitirira. Tiyeni tikhalepo pang'ono pa funso ili, popeza palibe china pa njinga ya m'phiri chimene chimasintha mayendedwe ake kuposa mpweya wa m'matayala, ndiponso sichilira ndalama.

Tayala louma limagunda pansi ndi kachigawo kakang'ono, mano ochepa okha ndi amene amagwira dothi. Likakumana ndi muzu silipindika kuti liwukumbatire, limangonjanja, ndipo nthawi imene lili m'mwamba buleki kapena handulo sizingakuthandizeni. Lofewa bwino limayala mano ambiri pansi n'kumeza timiyala. Koma likafewetsa, mukagunda mwala wakuthwa tayala limaphwatalala mpaka limu imakanikiza chubu pamwalapo n'kuchidula mbali zonse ziwiri. Ndiye timabowo tiwiri tija, tooneka ngati njoka yaluma. Mukationa dziwani kuti vuto si minga ayi, ndi kuchepa kwa mpweya.

Gulani geji, chifukwa kutsina tayala ndi chala kumanamiza. Munthu wolemera makilogalamu 70, pa matayala a mainchesi 2.4 okhala ndi machubu, ayambire pa psi (muyeso wa mpweya pa geji) 26 kutsogolo ndi 29 kumbuyo. Lakumbuyo limafuna wochulukirapo chifukwa ndi limene limasenza thupi kwambiri. Wolemera kuposa apa awonjezere psi 2 kapena 3 pa makilogalamu 10 aliwonse. Kenako sankhani kachigawo kafupi ka kanjira komwe kali ndi miyala ndi kona, muzikadutsa mobwereza, ulendo uliwonse n'kumachotsa psi imodzi. Mukamva limu ikuti khu pa mwala, kapena tayala likupindikira m'mbali pa kona, mwafika pansi penipeni. Bwezeranimo psi 2 ndipo lembani manambalawo penapake.

Njira yothetseratu vutoli ndi kuchotsa machubu, ija amati tubeless. Pamafunika limu ndi tayala zopangidwira zimenezi, tepi yotseka mabowo a masipoko m'kati mwa limu, vavu yakeyake, ndi madzi omata otchedwa sealant, mamililita 90 mpaka 120 pa tayala limodzi. Popeza mulibe chubu choti chitsinidwe, munthu yemwe uja angatsike mpaka psi 22 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, ndipo munga ukabaya, madziwo amathamangira pabowopo n'kutseka tayala likuzungulira. Ambiri amaiwala kuti madziwa amauma, pakati pa miyezi iwiri ndi isanu ndi umodzi malinga ndi kutentha. Chotsani gudumu mulikhutchumule pafupi ndi khutu. Mukapanda kumva madzi akuchita phokoso m'katimo, thiranimo ena. Chubu chimodzi muzinyamulabe, chifukwa tayala likang'ambika m'mbali madzi aja satha kutseka.

Kanthu kena kamene kamadabwitsa anthu: mukapopera matayala kuchigwa n'kukweza njinga pa galimoto kupita kuphiri, mpweya wa m'matayala umakwera. Kuchoka pa mulingo wa nyanja yamchere kufika mamita 2,000, geji imawonjezera pafupifupi psi 3, chifukwa mpweya wa kunja wokanikiza tayala wachepa. Pimaninso mukafika.

Funso: Ndikamatsika mtsetse wautali mabuleki amayamba bwino, koma pakati pa ulendo amafooka, amalira, ndipo manja amachita dzanzi. Kodi ndigule ena?

Yankho: Musathamangire kugula. Nthawi zambiri vuto limakhala kagwiridwe. Munthu wamantha amafinya mabuleki pang'onopang'ono osasiya kuchokera pamwamba mpaka pansi. Disiki ndi mapadi zimatentha osapeza mpata wozizira, mapadi amasiya kuluma, ndipo zikafika poipa mafuta a m'paipi amawira, chogwirira n'kumafika pa handulo popanda kanthu. Vutoli ndi lakale ngati masewerawa. Anyamata omwe ankathamangitsana pa mitsetse ya ku Marin County, California, m'zaka za m'ma 1970 ankafika pansi buleki ya m'habu yakumbuyo ikufuka utsi, girizi atapsa.

Gwirani mwamphamvu kwa kanthawi kochepa pamalo owongoka pomwe tayala likugwira bwino, kenako siyani njinga iyende. Fikani pa kona mutachepetsa kale liwiro. Gwiritsani chala chimodzi, cholozera, ndipo sunthirani zogwirira m'kati mwa handulo kuti chalacho chizigwira kunsonga kwenikweni. Zala zinazo zigwire handulo. Dzanzi lija limabwera chifukwa chofinya ndi zala ziwiri kapena zitatu kwa mphindi zambiri.

Buleki yakutsogolo musaiope. Ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, chifukwa mukamachepetsa liwiro kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Yakumbuyo yokha imangokwekwereza tayala. Chenjezo kwa obwereka njinga kudziko lachilendo: ku Britain dzanja lamanja ndilo la buleki yakutsogolo, pomwe ku America ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi lamanzere. Yesani musananyamuke.

Tsopano zida. Disiki yaikulu imagwira mwamphamvu ndipo imachedwa kutentha. Ya mamilimita 160 imachepa pa mitsetse yaitali, makamaka kwa munthu wolemera. Ikani ya 180, kapena ya 200 kutsogolo, ngati foloko yanu ikulola, ndipo pamafunika kachitsulo kosunthira buleki kuti igwirizane ndi kukula kwa disikiyo. Mapadi alipo a mitundu iwiri. A resin salira kwambiri koma amatha msanga m'matope ndipo amafooka akatentha. Achitsulo amapirira kutentha ndi madzi, ngakhale amasokosa, koma onetsetsani kuti disiki yanu imawalola chifukwa zina zotchipa zinalembedwa kuti ndi za resin zokha. A kampani yopanga mabuleki ya Shimano amati mapadi asinthidwe mnofu wake ukafika theka la milimita.

Mapadi atsopano amafuna kuwazoloweretsa. Pamalo a fulati thamangani pang'ono, gwirani buleki imodzi mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda pansi, osaima, ndipo bwerezani kokwana 20. Mukadumpha zimenezi amalira ndipo sagwira. Koma ngati akulira mokuwa nthawi zonse, mwina oyilo wa tcheni anadonthera pa disiki. Tsukani disikiyo ndi isopropyl alcohol, mapadi otere tayani, chifukwa amamwa mafuta. Chomaliza, ndipo ichi n'choopsa: mabuleki a Shimano amagwiritsa ntchito mafuta otchedwa mineral oil, pomwe ambiri akale a kampani ya SRAM amagwiritsa mafuta otchedwa DOT. Werengani zolembedwa pa chogwirira. Mukasakaniza, timphira ta m'kati timafufuma n'kuwonongeka, buleki yonse n'kufa.

Funso: Kawiri konse ndagwa chamutu kudutsa pamwamba pa handulo, ndipo makona okhota kwambiri amandigonjetsa. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Pepani ndi ngozizo, ndipo tiyambire pa helemeti. Ngati inagunda pansi, isintheni ngakhale ikuoneka yabwino, chifukwa thovu la m'kati limaphwanyika kamodzi kokha. Ngati mutagwa munamva chizungulire, mseru, kapena simukukumbuka bwino zimene zinachitika, musakwerenso njinga tsiku limenelo ndipo kaonaneni ndi dokotala.

Kugwa chamutu kumachitika munthu akamatsika atakhala pa chishalo chokwera, mikono itawongoka, thupi litatsamira pa handulo. Gudumu lakutsogolo likangogunda mwala, kapena mukafinya buleki modzidzimuka, thupi limapitirira. Potsika tsitsani chishalo. Chitsulo cha chishalo chotsika ndi batani, chija amati dropper, ndi chinthu choyamba chimene timalangiza munthu kuwonjezera pa njinga, koma ngati mulibe imani mutsitse ndi manja. Imirirani pa mapedulo ali mopingasa, lina kutsogolo lina kumbuyo, zidendene zitatsika pang'ono, mawondo ndi zigongono zitapindika, chibwano chili chapamwamba pa handulo. Kulemera kwanu kukhale m'mapazi, manja angogwira mopepuka. Ena amalangiza kuthawira kumbuyo kwenikweni kwa chishalo, koma mukapitirira nazo gudumu lakutsogolo limapepuka n'kusiya kumvera. Bwererani m'mbuyo pokhapokha potsetsereka zedi kapena pogwira buleki mwamphamvu, kenako bwererani pakati.

Maso ndiwo amawongolera njinga. Mukayang'anitsitsa mtengo mukaugunda. Yang'anani mpata umene mukufuna kudutsa, mamita angapo patsogolo, osati pa tayala.

Pa kona yokhota ngati chigongono, chepetsani liwiro musanalowe, yambirani kumbali ya kunja kuti mukhale ndi malo, tembenuzani mutu ndi chiuno kuyang'ana kotulukira, ndipo siyani buleki yakutsogolo gudumu likangoyamba kukhota. Ngati pakufunikabe kuchepetsa, khudzani yakumbuyo mopepuka. Pa kona ya fulati yopanda khoma la dothi, tsitsani pedulo yakunja n'kuiponda mwamphamvu, ndipo pendeketsani njinga kuposa thupi kuti mano a m'mbali mwa tayala alume. Mizu yonyowa idutseni mopingasa, njinga ili chilili, osagwira buleki muli pamwamba pake.

Funso: Pokwera chitunda gudumu lakutsogolo limanyamuka. Ndikaimirira, lakumbuyo limangozungulira pamalo amodzi.

Yankho: Khalani pansi, sunthirani kunsonga ya chishalo, tsitsani chifuwa chiyandikire handulo, zigongono ziloze m'mbuyo. Mukatero kutsogolo kwalemera koma kumbuyo sikunapepuke. Sinthani giya chitunda chisanawawe, ndipo posinthapo fewetsani phazi kwa kamphindi, chifukwa kusintha mukuponda ndi mphamvu zonse ndi kumene kumadula tcheni. Palasani mozungulira bwino osati modukiza, popeza kuponda kwadzidzidzi n'kumene kumatereretsa tayala pa dothi lotayirira.

Funso: Ndagula njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ya mashoko awiri a mpweya. Ndidziwa bwanji mpweya woyenera?

Yankho: Pamafunika pampu yakeyake ya mashoko, yaing'ono, yofika psi 300. Ya matayala siingathe. Chimene mukupima ndi mmene shoko ikutsikira mukangokwera njinga osayenda. Valani zonse zimene mumavala popalasa, chikwama ndi madzi omwe. Tsegulani loko ya shoko ngati ilipo. Wina akugwirireni njinga, inu mukwere, mudumphedumphe pang'ono, kenako muime mwakachetechete. Kankhirani kamphira kozungulira kamene kali pa chitsulo cha shoko mpaka kagunde pomwe chitsulo chonyezimira chimalowera, n'kutsika mosamala osagwedeza njinga. Pimani mtunda umene kamphirako kasuntha.

Kutsogolo ukhale pakati pa 15 ndi 20 peresenti ya ulendo wonse wa foloko. Pa foloko ya mamilimita 130 ndiye kuti mamilimita 20 mpaka 26. Kumbuyo ukhale 25 mpaka 30 peresenti, koma muyerekeze ndi mtunda umene shokoyo imalowa, osati umene gudumu limayenda. Shoko yolowa mamilimita 50 itsike 13 mpaka 15. Mpweya ukachepa njinga imagwada, mapedulo amagunda miyala, ndipo shoko imafika pamapeto n'kumveka gu. Ukachuluka manja amatopa ndipo tayala silitsata dothi.

Kabatani kena, kawirikawiri kofiira, kamalamulira liwiro limene shoko imabwerera. Ikamabwerera msanga kwambiri njinga imakuponyani mukadutsa bampu. Ikamachedwa imanka nitsikiratsikira pa miyala yotsatizana mpaka kuuma. Yambirani pakati, musinthe kamodzikamodzi. Popeza njingayo ndi yogula kwa wina, ipititseni kwa makaniko asinthe mafuta a foloko. A kampani yopanga mashoko ya RockShox amalangiza kusintha mafuta a m'munsi mwa foloko pa maola 50 aliwonse opalasa, ndipo eni njinga ambiri satsatira.

Funso: Kwathu ndimapalasa maola atatu osatopa, koma kuphiri ndinkapuma mwawefuwefu pa chitunda choyamba. Kodi ndikudwala? Ndipo m'chikwama muzikhala chiyani?

Yankho: Mwina simukudwala. Pa mamita 2,000 mpweya umakhala wopyapyala, ndipo kupuma kulikonse kumakupatsani okosijeni wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kumulingo wa nyanja yamchere. Masiku awiri oyamba yendani maulendo aafupi, muzimwa madzi okwanira, mowa muupewe. Matenda a pamalo okwera amayamba kawirikawiri kupitirira mamita 2,500: mutu kuwawa, mseru, kusowa tulo. Zikamakula musakwerenso, tsikani. Koma kupweteka pachifuwa, kapena kubanika mutangokhala, n'zofunika dokotala mwamsanga.

Nyengo ya m'phiri imatembenuka mofulumira. Kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta akayamba kutsika mumphepo amazizidwa mpaka zala kulephera kugwira buleki. Jekete lopepuka loteteza mvula lisasowe. M'nyengo yotentha mabingu amakonda masana, choncho nyamukani m'mamawa. Mukaona mphezi werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akakhala 30 kapena kuchepera, chokani pamsana pa phiri, musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo mukapeza pobisala dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Madzi muwerengere theka la lita kapena kupitirira pang'ono pa ola, ndipo ulendo ukaposa ola ndi theka muzidya pang'onopang'ono njala isanafike. Pa zida, nyamulani chubu, pampu, zochotsera tayala ziwiri, timphira totsekera mabowo a tubeless, masipanala a Allen okhala ndi chodulira tcheni, ndi cholumikizira tcheni chogwirizana ndi magiya anu, popeza cholumikizira cha magiya 11 sichigwirizana ndi tcheni cha magiya 12. Onjezerani kachitsulo kopachikapo chosinthira magiya cha kumbuyo, kaja amati hanger. Kanapangidwa kuti kazipindika kapena kuthyoka m'malo mwa felemu, ndipo njinga iliyonse ili ndi kakekake, moti kutali ndi kwanu simungakapeze msanga. Bandeji, tochi yaing'ono ndi mapu osungidwa m'foni zikhalemonso, popeza m'zigwa netiweki imasowa. Uzani munthu kanjira kamene mwalowera ndi nthawi imene mubwere.

Funso: Ndinakumana ndi anthu oyenda pansi pa kanjira kopapatiza ndipo tinatsala pang'ono kukangana. Woyenera kupatuka ndani? Komanso n'chifukwa chiyani amatseka tinjira mvula ikagwa?

Yankho: Malamulo amene bungwe la opalasa njinga za m'phiri la IMBA lakhala likuphunzitsa kuchokera pamene linakhazikitsidwa mu 1988 amati wa njinga apatukire oyenda pansi ndi okwera akavalo, ndipo wotsika apatukire wokwera, pokhapokha ngati chikwangwani chikunena kuti kanjirako ndi ka njinga zotsika zokha. Chifukwa chake n'chomveka: wokwera akaima pa chitunda zimamuvuta kuyambanso. Perekani moni kapena lizani belu mukadali patali, osati mutafika kale kumsana kwa munthu. Popatuka imani, ikani phazi limodzi kunja, matayala akhalebe m'kanjira. Mukakumana ndi kavalo tsikani, imani mbali ya kumunsi, ndipo lankhulani kuti azindikire kuti ndinu munthu. Pa kona yomwe simukuona kutsogolo yendani pa liwiro loti mungathe kuima.

Za mvula, zimatengera dothi. La mchenga kapena la miyala limauma msanga ndipo ena amapalasapo bwinobwino. La makande ndi lina. Tayala limasiya ngalande, ngalandeyo ikauma imalimba, ndipo mvula yotsatira imatsata momwemo n'kukumba kanjira mpaka kusanduka mgula. Ambiri mwa amene amakonza tinjirati ndi anthu ongodzipereka, a makasu ndi mafosholo, ndipo ulendo umodzi wa m'matope ungawononge ntchito imene anagwira masiku ambiri. Mukaona matope akumatirira pa tayala kapena mukusiya mzere wakuya m'mbuyo, bwererani. Mukapeza chithaphwi pa kanjira kouma, dutsani pakati pake, chifukwa kulambalala kumapondereza udzu wa m'mbali ndipo kanjira kamanka katambalala. Kukwekwereza tayala lakumbuyo pa kona ndi kudulira njira pa makona okhotakhota kumawononganso chimodzimodzi.

Njinganso imavutika m'matope otere. Amadya mapadi, amadzaza pakati pa tayala ndi felemu, ndipo amatha kukoka chosinthira magiya mpaka kuthyoka. Mukafika kunyumba tsukani ndi ndowa ndi bulashi, osati madzi a mphamvu a pampu yotsukira galimoto, omwe amalowa m'mabeyaling'i n'kuchotsa girizi. Pukutani tcheni, donthezani oyilo pa mfundo iliyonse, dikirani pang'ono, n'kupukuta wotsala ndi kansalu. Kamodzi pa mwezi pimani tcheni ndi kachida kake. Pa njinga ya magiya 11 kapena 12 chisintheni chikatalika ndi 0.5 peresenti, chisanayambe kudya mano a magiya akumbuyo.